Adyo wa Halina

Pepala lidali pachitseko cha shedi, lokhomedwa ndi misomali inayi. Chaka chilichonse lomwelo. A Wendell Haas, wapampando wa madimba athu, ankangosintha chaka pamwamba. Mutu wake: NTCHITO ZA PAKATI PA CHISANU. Pansi pake mndandanda. Kunola makasu. Kupaka mafuta mafosholo. Kutsuka miphika ya mbande. Kudulira mitengo ya maapozi. Kukulunga waya pamatsinde kuti mbewa zisatafune makungwa. Kutembenuza manyowa, ngati manyowawo atalola. Kutsegula ngalande. Ntchito iliyonse ili ndi dzina la munthu pambali.

Ine ndakhala m'mizinda isanu ndi iwiri. Sindichedwa pamalo. Koma ku Milwaukee, kutsidya kwa nyanja kumene Januwale ndi mwezi wozizira, chisanu chidandipeza kanayi, ndili ndi kabedi kanga pamadimba a kuseri kwa njanji. Dzina langa lidali pa miphika. Ndidatsuka iwiri. Inayo ndidaiyang'ana mwachifundo. Koma nkhani si yanga. Ndi ya a Norbert Gorski, amene dzina lawo lidali pa ngalande.

Madimbawo adali makumi anayi, aliyense ndi kachigawo kake ndi kampanda kake. M'Julaye munkadzaza anthu, njuchi ndi miseche. M'Januwale munkakhala ngati kumanda. Chipale chofewa chogwa kumwamba mpaka m'mawondo. Mipopi yotseka. Anthu anzeru ankakhala m'nyumba, akuwerenga mabuku otsatsa mbewu ngati makalata a chibwenzi. Ife otsala tinkabwera Loweruka lililonse. Tinkaima mu shedi, kumwa khofi wa m'fulasiki, n'kumanamizana za matimati a chaka chatha. Wina ankagwira tupa m'manja kuti odutsa aone. Zimenezo tinkazitcha ntchito.

A Gorski adali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Adapuma ntchito kufakitale yosungunula zitsulo, ndipo china cha chitsulocho chidatsalira m'mutu. Khosi lalifupi. Makutu akuluakulu, koma ntchito yake idali imodzi: kuchirikiza chipewa.

Ankalima chinthu chimodzi chokha. Adyo. Osati wa m'sitolo uja, woyera ngati wodwala. Uyu adali wa khungu lofiirira, woluma lilime, wosachoka pazala masiku awiri. Adali wa malemu mkazi wawo, Halina. Mayi ake a Halina ndiwo adabwera naye kuchokera ku Poland, mitu iwiri yosokerera mumpendero wa chikhoti. Tsono adyo sasungika m'botolo ngati mbewu ya kabichi. Ukafuna akhalepo, um'bzale. Umagawa mutu tizidutswa, n'kukwirira mu Okutobala, n'kufunditsa mapesi a tirigu okhuthala bwino kuti agone mpaka Epulo. Chaka chimodzi chokha akakanika, mtundu watha.

A Gorski ankabzala tizidutswa mazana awiri. Wotsala ankamuviika m'viniga, wina n'kuthera m'masoseji a pa Khirisimasi. Ikamafika Januwale, adyo wamoyo wa Halina padziko lonse lapansi adali pansi pa mapesi amenewo basi. Chimwalirire mkaziyo, sadapatsepo munthu ngakhale kachidutswa.

Halina adali ndi lamulo lake, ndipo aliyense pamadimbapo ankalidziwa. Mapesi sachoka pabedi mpaka madzi a chipale atadutsa onse, ngalande n'kuuma. Sankayang'ana kalendala. Ankayang'ana ngalande. Iye ndiyenso ankaitsegula chaka chilichonse, atavala majombo a mwamuna wake. Atamwalira, a Wendell adangofufuta dzina loyamba papepala paja, n'kusiya la Gorski. Adayesa nzeru zimatsalira wamasiye pamodzi ndi mipando.

Woyandikana nawo adali mayi Odessa Pruitt. Adayendetsa basi ya mzinda zaka makumi atatu, ndipo mabuleki onse adathera kuphazi. Pakamwa padalibe. Adapempha adyoyo katatu.

"A Gorski, mutu umodzi wokha. Ndim'bzale kwanga kuno. Tsiku lina mudzandithokoza."

"Adyo wa Halina sagona pabedi la eni."

"Ee, koma nsanje! Mpaka pa adyo? Ndiye akadzafa kwanuko tidzakam'tenga kuti? Ku Poland, wapansi?"

"Sangafe. Ndilipo ine."

"Ndi zimene ndikuopazo."

Pamadimbapo padalinso mwambo. Kakhasu kagolide. Golide wake wa m'chitini cha penti. Kadali kakhasu kam'manja kobzalira mbande, kopindika, mpini womanga ndi tepi. Kankapita kwa munthu woyamba m'chaka kuonetsa mphukira yobiriwira pabedi lake, yotalika ngati mfundo ya chala. Kawirikawiri kumathero a Malichi. China chopata padalibe. Koma amuna akuluakulu, a zidzukulu zawo, ankasowa nako mtendere. Mayi Odessa adakasunga zaka khumi ndi chimodzi zotsatizana, poti dimba lawo lidali pamtunda, lotsamira khoma lowomba dzuwa. La a Gorski lidali kumunsi, kumene madzi onse ankadzera popita ku ngalande. Mayiwo adakamangira riboni yofiira, n'kukapachika pageti, moyang'ana kwa a Gorski. A Gorski akamadutsa, mayiwo ankatulutsa mpango n'kuyamba kukapukuta. Kumangoimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi.

Tsono sabata yachitatu ya Januwale mphepo idatembenuka. Idayamba kuchokera kummwera, yofunda. Aliyense wokulira kumeneko amakadziwa kanyengo kameneka. Kamabwera ngati mwamuna wofunsira ali ndi mkazi kwawo. Kumwetulira, malonjezo, sabata imodzi. Kenako zii. Madenga adayamba kudontha. Chipale chidasanduka phala. Mumsewu anthu adatulutsa makabudula, miyendo ili mbee ngati chinangwa chosenda. Kumadimba madzi adayamba kutsika kuchokera pamtunda, pang'onopang'ono, akufunafuna ngalande. Ngalandeyo idali itadzaza masamba ndi mapepala a chaka chatha.

Loweruka limenelo a Gorski sadalowe mu shedi. Tidawaonera pazenera atagwada padimba lawo, akusuzumira kunsi kwa mapesi ngati apongozi osuzumira mumphika wa mtengwa. Adaona mphukira. Zoyera, zofewa, zobisala. Adyo amatero. Amatulutsa kamphuno pansi pa mapesi, n'kudikira nthawi yake. Koma a Gorski sadaone kamphuno. Adaona golide.

A Wendell adatuluka, kapu ili m'manja. Munthu wofatsa, mphunzitsi wopuma, wokhulupirira kuti dziko lingawongoke ndi pepala ndi misomali inayi.

"A Norbert, nthawi ya ngalande ija ndi ino. Madzi akubwera kwanu."

"Madzi amadziwa njira okha. Tandipatsirani leki."

"Leki ya chiyani?"

"Yokandira kumsana. Inu mukuona ngati ya chiyani?"

Adayamba kukokolola mapesi. Mayi Odessa adafika pampanda, manja m'chiuno.

"A Gorski, mukuvula mwana bulangete pakati pa Januwale?"

"Akutuluka thukuta. Simukumva kutenthaku?"

"Kutentha kotereku ndikukudziwa. Ndinakwatiwa nako kawiri."

"Mukuopa kakhasu kanu basi."

"Kakhasu? Tengani pompano. Ndikupatsani ndi riboni yomwe. Koma m'funditseni mwanayo. Halina ankati chiyani za ngalande?"

Leki idaima pang'ono. Kenako idapitiriza, mwaukali.

"Dzina la mkazi wanga musaliike pa mantha anu, mayi. Ndipo zachifundo sindilandira. Ndikatenga mwa lamulo."

Mapesi onse adawakokera kumalire, n'kuwaunjika motsamira mpanda wa mayi Odessa. Mulu wofika m'chiuno. Malo ena adalipo, ambiri. Koma apo mpamene geti la mayiwo linkatsegukira, ndiye lidayamba kutseguka theka. Adachita dala. Muluwo udakwirira ngodya ya bedi la adyo lomwe, koma a Gorski sadasamale. Njiru siyeza malire.

Lolemba adabwera ndi mazenera awiri akale. Adawagoneka pa njerwa, pamwamba pa mzere wapakati, kuti dzuwa liwotche bwino. Ankafika m'mawa, ankafika masana. Ankapukuta magalasi ndi mkono wa jekete. Ankalankhula nazo mphukirazo, kuzilimbikitsa ngati timu ya mpira. Ngalande ankailumpha kanayi patsiku, osaiyang'ana n'komwe. A Wendell adatsamiritsa fosholo pageti lawo, ndi kapepala kolembedwa "Chonde". A Gorski adakolekapo jekete. Madzi adafika m'tinjira ta pakati pa mizere, n'kukhala pansi ngati alendo odikira tiyi.

Lachitatu mphukira zidachita chikasu. Lachinayi zidabiriwira. Lachisanu a Gorski adaimba foni kasanu, mpaka wapampando adabwera ndi rula.

Tidasonkhana anthu asanu ndi atatu, masana. Matope mpaka m'akakolo. A Wendell adagwada. Adayeza mphukira ndi rula, kenako ndi chala, kenako ndi rulanso. Adatsegula kope la malamulo, kufunafuna mwezi woletsedwa. Mudalibe. Olemba malamulowo sadaganizeko kuti kudzabadwa munthu wotere.

"Yakwana," adatero, ngati akulengeza maliro.

Mayi Odessa adamasula kakhasu pageti, n'kukapereka ndi manja awiri, akuwerama mwachipongwe. A Gorski adakakweza m'mwamba.

"Ndadala ine! Januwale! Lembani m'kopemo, a Wendell, ndi zilembo zazikulu. Palibe adzandipose. Zaka khumi ndi chimodzi zafufutika tsiku limodzi!"

"Tawombani m'manja, anthuni," adatero mayi Odessa. "Munthu wapambana mpikisano wothamangira kuphompho."

Tidawomba. M'magolovesi simutuluka phokoso.

Nthawi yomweyo tambala wachitsulo wosonyeza mphepo, wa padenga la shedi, adalira, n'kutembenuka kuloza kumpoto. Tonse tidamuona. Kamphepo kena kadalowa m'makolala, kosiyana ndi ka m'mawa.

"Pawailesi akuti kuzizira koopsa kufika lero lomwe," adatero a Wendell. "Bwezerani mapesi, a Norbert. Tilipo asanu ndi atatu. Mphindi makumi awiri tatha. Ngalandenso tikutsegulirani."

"A pawailesi aja anati kugwa mvula pa ukwati wanga. Kunawala dzuwa tsiku lonse."

"Ukwati wanu unali zaka makumi anayi zapitazo, bambo inu," adalowerera mayi Odessa.

"Ndiye aphunzira liti kunena zoona? Mawa. Lero ndi Lachisanu. Nsomba zikundidikira."

"Taonani pansi, a Gorski," adatero mayi Odessa. Kuseka kudali kutawathera. "Mwaima m'madzi. Sanapite awa."

"Apita mawa."

Mayiwo adagwira leki okha. A Gorski adaima pageti, chala chili m'mwamba.

"Lamulo loyamba, a Wendell, limati chiyani?"

A Wendell adayang'ana nsapato. "Dimba la mwini sukhudza."

"Mwamva nonse. Wokhudza bedi la Halina athana ndi ine." Adakhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba.

Ku holo ya tchalitchi, kumene Lachisanu lililonse amakazinga nsomba, a Gorski adafika msanga, dzuwa lisanalowe. Kakhasu kali m'thumba la pachifuwa, riboni ili panja. Adayendera tebulo lililonse. Adaonetsa ansembe. Adaonetsa amayi okazinga, amene adali ndi mafuta owira patsogolo ndipo adalibe nthawi ya mbiri ya ulimi. Mayi wina wosamva bwino adakabwereka kuti adulire keke. A Gorski adadya mbale ziwiri. Panja matope adali atayamba kulira pansi pa nsapato.

Kutacha, dziko lidali mwala. Kuzizira kolowa m'mano, koumitsa tsitsi la m'mphuno. Madigiri makumi awiri kunsi kwa ziro. Chipale chikadagwa, chikadakhala bulangete. Sichidagwe. Kumwamba kudali koyera, dzuwa likuwala ngati silikudziwa kanthu.

A Gorski ndidawapeza ali kale padimba. Dimba lonse lidali galasi limodzi lalikulu. Alendo odikira tiyi aja adali atakhazikika. Mphukira zidali mkati mwa madzi oundanawo, zobiriwira bwino, ngati maluwa a pulasitiki. Zenera limodzi lidang'aluka pakati. A Gorski ankamenya mulu wa mapesi ndi piki. Mapesi onyowa aja adali atauma gwa. Piki inkangodumpha. Adakamenya ngalande. Chimodzimodzi. Dzulo lake ntchitoyo inkafuna fosholo ndi mphindi khumi. Tsikulo inkafuna bomba.

Adathamangira kunyumba. Adabwera ndi mabulangete, makatani, kapeti ya pakhomo, ndi chofunda cha zigamba chimene Halina adasoka pamanja. Adayala zonse pamwamba pa madzi oundana. Kufunditsa mwala.

Mayi Odessa adafika atadzikulunga nkhope yonse, maso okha akuoneka. Tonse tidatchera khutu. Adangogwira ngodya ya chofundacho, kuikoka, n'kuikapo njerwa. Zimenezo zidawapweteka a Gorski kuposa chipongwe chilichonse.

"Adyo ndi wolimba," adatero iwo, osafunsidwa. "Anapirira ku Poland."

"Ku Poland ankafunda," adayankha mayiwo chapansipansi.

Kuzizira kudakhala masiku asanu ndi anayi. Kudafunda awiri. Kudabwereranso. Nthaka yamaliseche ija inkatupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa, ikulavulira tizidutswa pamtunda.

M'Febuluwale a Gorski adasanduka munthu wa ntchito. Pepala la a Wendell silidaonepo chotere chikhomereni. Adanola makasu onse, ndi a eni omwe. Adapaka mafuta mafosholo mpaka ankapulumuka m'manja. Adadulira mitengo ya maapozi, kuikulunga waya, ngakhale mtengo wina umene udauma kalekale. Adatsuka miphika yanga ija, yonse. Sindidakane. Munthu wosweka mtima sum'letsa ntchito.

"A Norbert, khalani pansi, khofi akuzizira," ankatero a Wendell.

"Pali china chotsala papepalapo?"

"Palibe. Mwatilanda zonse. Ife tsopano tikuoneka aulesi."

"Mukuoneka?" adafunsa mayi Odessa, akuyang'ana ine.

Ngalande a Gorski adaitsegula tsiku loyamba limene nthaka idalola. Adaikumba mozama, ngati akufuna kudutsitsamo sitima. Adaiyala miyala m'mbali. Ngalande yokongola. Anthu a madimba ena ankabwera kudzaiona. Madzi oti adutsemo ndiwo adali atachita kale zawo. Kakhasu kagolide kadali pageti pawo, riboni itasuluka. Padalibe wokapukuta.

Kumayambiriro kwa Epulo mabedi a anthu adayamba kubiriwira. La mayi Odessa lidatsogola monga mwa masiku onse, chaka chimenecho popanda mphotho. La a Gorski lidali bii. Adadikira sabata. Adadikira ina. Kenako adagwada, n'kupisa chala m'nthaka. Kachidutswa koyamba kadatuluka kali phala. Kachiwiri chimodzimodzi. Adakwawa mzere wonse, kenako wachiwiri, mawondo ali m'matope. Fungo lake lidafika ku shedi. Ife tidasiya kuwerenga. Iwo sadasiye. Pomaliza adakhala pa chidebe chovundikira, manja ali lende.

"Anawoloka nyanja mumpendero," adatero, osayang'ana munthu. "Wadzafera pa ine."

A Wendell adavula chipewa. Kenako adachita manyazi, n'kuchivalanso.

Mayi Odessa adawapatsa masiku atatu a maliro. Tsiku lachinayi adagogoda mpanda ndi ndodo.

"A Gorski, pepani ndithu. Koma zinyalala zanuzi. Miyezi itatu ndikulowa m'dimba mwanga chammbali ngati nkhanu. Chotsani."

"Mulibe chisoni, mayi inu?"

"Chisoni ndili nacho. Chikulephera kudutsa pagetipa."

Adatenga foloko ya manyowa mokwiya. Kubaya mulu, kuponya mu wilibala. Kubaya, kuponya. Atafika pansi adaima, foloko ili m'mwamba.

Pangodya paja, kunsi kwa mapesi owola, padali mphukira. Zoyera, zopindika, zofooka ngati odwala otuluka m'chipatala. Koma zamoyo. Adaziwerenga ndi chala. Zisanu ndi ziwiri. Mwa mazana awiri. Zidapulumuka chifukwa mwini wake adafuna kutsekereza geti la mnzake. Ntchito yokhayo ya Januwale imene a Gorski adaigwira bwino, adaigwira mwa njiru.

"Alipo! Halina alipo! Bwerani mudzaone! Ndadala ine, mayi Odessa, ndadala!"

Adatola leki kuti apalase mapesi otsalawo, mphukira zione dzuwa. Mayi Odessa adaiponda ndi jombo. Phazi la zaka makumi atatu pa buleki. Leki sidasunthe.

"Lachiwiri kukubwera chisanu."

"Wanena ndani?"

"A pawailesi. Omwe aja a pa ukwati wanu."

A Gorski adatsegula pakamwa. Tonse tidaona mawu akubwera, okhuthala, achitsulo. Adayang'ana mizere yakuda ija. Adayang'ana ngalande yawo yokongola. Mudali mukadali kamadzi, koyenda mwakachetechete pakati pa miyala. Adatseka pakamwa. Adagwada, n'kuyamba kutola mapesi ndi manja. Adafunditsa mphukira imodziimodzi, pang'onopang'ono. Makutu aja, kwa nthawi yoyamba, adagwira ntchito yachiwiri.

Chisanu chidabweradi Lachiwiri. Ngalande idauma sabata yotsatira, ndipo mpamene mapesi adachoka. Mphukira ziwiri zidafa m'Meyi pa zifukwa zake. M'Julaye a Gorski adakumba mitu isanu. Yaing'ono, ngati zibakera za khanda. Adaiyanika mu shedi milungu itatu, akuilondera ngati msilikali. Sadadyepo ngakhale kachidutswa.

Tsiku lina m'mawa mayi Odessa adapeza kakhasu kagolide pageti pawo. Pampini padali mitu iwiri ya adyo, yomangidwa ndi riboni yosuluka ija.

"Ichi n'chiyani tsono? Ndimayesa sagona pabedi la eni?"

"Kwanu n'kokwera," adatero a Gorski, akupalira pamalo popanda udzu. "Madzi sakhalako. Basi. Musanditalikitsire nkhani."

Mayiwo adanunkhiza mituyo, n'kuiika m'thumba la epuloni. Adatulutsa mpango, kupukuta kakhasu kamodzi, kawiri.

"Simuthokoza?" adafunsa a Gorski.

"Ndidzathokoza Epulo. Akadzamera."

Ine ndidasamuka Okutobala yemweyo, miyendo itayambanso kuyabwa. Tsiku lomaliza ndidadutsirako kukasiya kiyi ya shedi. Ndidawapeza awiriwo akubzala, wina mbali iyi ya mpanda, wina mbali iyo, akukangana za kukhuthala kwa mapesi. A Gorski ankati awonjezere. Tizidutswa makumi awiri ndi tinayi, mabedi awiri. Zitenga zaka kuti afikenso mazana awiri, ndipo zaka za munthu wa makumi asanu ndi awiri sizipezeka m'buku lotsatsa mbewu.

Pachitseko pepala la chisanu chotsatira lidali litakhomedwa kale. Misomali inayi. Ntchito zomwe zija. Pansi penipeni a Wendell adali atawonjezera mzere umodzi ndi inki yofiira: mphukira ya Januwale siwerengedwa. Lamulo la munthu mmodzi. M'kope muja dzina la Gorski lilimobe, ndi zilembo zazikulu monga adapemphera, ndipo n'zoona, palibe adzam'pose. Adafuula kuti wadala ataima m'madzi mpaka m'akakolo. Paja akuluakulu, amene sadaonepo chipale, adaneneratu: linda madzi apite, ndipo uziti ndadala.